Mmene ndinalumikizira mafani ndi choziziritsira cha madzi pa kompyuta yokonzera mavidiyo

Ntchito yanga ndi yojambula ndi kukonza mavidiyo a maukwati, zinkhoswe ndi misonkhano ya mipingo mumzinda wa Lilongwe, ndipo kompyuta imene ndimagwirira ntchitoyi ndinailumikiza ndekha ndi zipangizo zimene alamu anga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg. Ndalemba izi chifukwa anzanga ambiri amatha milungu akufufuza za pulosesa ndi graphics card yoyenera, koma akafika pa timawaya ta mafani ndi pampu amangolowetsa paliponse pamene kawayako kakwana, ndipo kenako amadandaula kuti makina akulira ngati chigayo kapena akutentha popanda chifukwa chooneka. Chimene ndinaphunzira n'chakuti fani iliyonse iyenera kulumikizidwa pamene motherboard (bolodi lalikulu limene zipangizo zonse za kompyuta zimalumikizidwapo) ingathe kuilamulira, ndiponso iyenera kutsatira kutentha kwa chinthu chimene faniyo imaziziritsa.

Pulosesa yanga ndi Ryzen 7 5800X, imene AMD inatulutsa mu November 2020. Imagulitsidwa yopanda choziziritsira, mlingo wake wa TDP (kutentha kumene choziziritsira chiyenera kutha kuchotsa) ndi 105W, ndipo malire a kutentha kwake ndi madigiri 90. Ma core ake (tizigawo togwira ntchito m'kati mwa pulosesa) onse asanu ndi atatu ali pa kachidutswa kamodzi kakang'ono, motero kutentha konse kumatulukira pamalo ochepa kwambiri, ndipo nambala imene mumaona pa sikirini imakwera ndi kutsika mofulumira. Ndinaiika pa motherboard ya B550, limodzi ndi choziziritsira cha madzi chotsekeratu, chimene m'masitolo amachitchula kuti AIO, chokhala ndi pampu yoyendetsa madzi imene imamangidwa pamwamba pa pulosesa, rediyeta ya mamilimita 240 ndi mafani awiri a mamilimita 120. Bokosi la kompyuta linabwera ndi mafani atatu kutsogolo ndi imodzi kumbuyo.

Vuto loyamba linachokera ku mafani a m'bokosiwo. Anali olumikizana wina kwa mnzake ndi mapulagi aakulu a Molex, amene amatenga magetsi mwachindunji ku power supply osadutsa pa motherboard. Fani yotere imalandira 12V kuyambira pamene mwayatsa kompyuta mpaka pamene mwaizimitsa, imazungulira ndi liwiro lake lonse, ndipo palibe pulogalamu imene ingaichepetse kapena kuwerenga liwiro lake. Kwa munthu amene amamvetsera malumbiro a akwati pofuna kuchotsa phokoso la mphepo ndi la jenereta m'mawu ojambulidwa, kulira kosalekeza kwa pansi pa tebulo n'chopinga chenicheni pa ntchito. Ndinawachotsa onse anayi ndipo ndinaika mafani a mapini anayi m'malo mwake.

Kusiyana kwa mapini n'kumene kumafotokoza zambiri zimene zimasokoneza anthu. Pa fani ya mapini atatu, waya woyamba ndi wa ground, wachiwiri ndi wa magetsi a 12V, ndipo wachitatu umabweza chizindikiro kwa motherboard, kawiri pa kuzungulira kulikonse, kuti iwerenge liwiro. Fani yotere imachepetsedwa liwiro pochepetsa mphamvu ya magetsi, njira imene mu BIOS (pulogalamu ya m'motherboard imene mumalowamo poyatsa kompyuta kuti musinthe zosankha) imalembedwa kuti DC, ndipo mphamvuyo ikatsika kwambiri faniyo imangoima kapena imalephera kuyamba. Fani ya mapini anayi imalandira 12V yosasintha, ndipo waya wachinayi umanyamula lamulo la PWM, lomwe ndi chizindikiro choyaka ndi kuzima maulendo pafupifupi 25,000 pa sekondi, motsatira ndondomeko imene Intel inalemba n'kuikonzanso mu 2005. Kutalika kwa nthawi imene chizindikirocho chimakhala choyaka ndiko kumauza fani liwiro lofunika, ndipo chifukwa chakuti injini yake sisowa magetsi, imatha kuzungulira pang'onopang'ono kwambiri osaima. Pulagi ya mapini atatu imalowa bwinobwino pa soketi ya mapini anayi, popeza kapulasitiki kotsogolera kamailondolera pamalo pake, koma soketiyo ikasiyidwa pa PWM faniyo imathamanga ndi liwiro lonse chifukwa ilibe waya womvera lamulo. Ma motherboard ambiri ali ndi njira yodzizindikirira okha mtundu wa fani, komabe ine ndimalowa mu BIOS n'kusankha ndekha DC kapena PWM pa soketi iliyonse, kuti ndisakhale ndi chikayiko.

Mayina a masoketi amasiyana malinga ndi kampani. Soketi ya CPU_FAN ili pa motherboard iliyonse. Ya mafani a bokosi imalembedwa CHA_FAN kwa ASUS ndi ASRock, pamene kwa MSI ndi Gigabyte imalembedwa SYS_FAN. Ya pampu imalembedwa AIO_PUMP kwa ASUS ndi PUMP_FAN kwa MSI, ndipo ma motherboard ena ali ndi CPU_OPT, imene kwa ena imangotsanzira zimene CPU_FAN ikuchita. Zilembozi ndi zazing'ono ndipo nthawi zambiri zimabisika kuseri kwa zitsulo, choncho ndi bwino kutsegula tsamba la chithunzi cha motherboard m'buku lake ndi kuwunikira ndi tochi ya foni musanalowetse chilichonse.

Nkhani ya pampu ndiyo inandidyera nthawi kuposa zonse. Kabuku ka choziziritsira changa kanasonyeza kuti waya wa pampu, womwe ndi wa mapini atatu, ulowe pa CPU_FAN, ndipo ndinatsatira malangizowo. Kompyuta inayaka bwino, koma nthawi iliyonse imene inalibe ntchito yolemera ndinkamva kaphokoso kong'ung'udza kochokera pamwamba pa pulosesa, kamene kankatha ndikayamba kutulutsa vidiyo n'kubwereranso ntchito ikatha. Nditayang'ana mu BIOS ndinaona kuti liwiro la pampu likukwera ndi kutsika pamodzi ndi kutentha kwa pulosesa, chifukwa motherboard inkaitenga ngati fani wamba ndipo inkaichepetsera magetsi. Pampu imafuna kuyenda mokhazikika, chifukwa madzi akamayenda pang'ono kutentha kumaunjikana pa chitsulo cha kopa chokhudza pulosesa, ndipo pampu yopatsidwa magetsi ochepa ikhoza kulephera kuyamba popanda inu kudziwa. Ndinasamutsira waya wake pa soketi ya pampu, imene imapereka mphamvu yonse nthawi zonse, ndipo mafani awiri a pa rediyeta ndinawalumikiza pa CPU_FAN kudzera pa waya wogawa pawiri. Kaphokoso kaja sikanamvekenso.

Musasiye CPU_FAN yopanda kanthu. Ma motherboard ambiri amayang'ana soketi imeneyi poyamba, ndipo akapanda kuwerengapo liwiro lililonse amaima n'kulemba chenjezo; a ASUS amalemba CPU Fan Error n'kukuuzani kuti mudine F1. Anthu ena amathetsa chenjezoli polizimitsa mu BIOS, koma ine sindigwirizana nazo, chifukwa tsiku limene fani idzafedi simudzauzidwa. Palinso zoziziritsira zimene zimatenga magetsi pa pulagi ya SATA yochokera ku power supply n'kulamulidwa kudzera pa USB ya mkati, ndipo kawaya kamodzi kokha n'kamene kamapita pa CPU_FAN kukanena liwiro, pamene zina, monga Arctic Liquid Freezer II, zimadyetsa pampu ndi mafani onse ndi waya mmodzi wa mapini anayi. Pa zoterezi malangizo anga a pamwambawa sagwira chimodzimodzi, ndipo chofunika ndi kutsatira waya uliwonse ndi chala mpaka mutadziwa chimene ukunyamula.

Masoketi pa motherboard yanga ndi ochepa poyerekeza ndi mafani, choncho ndinafunika kuwerengera magetsi. Soketi wamba ya fani kawirikawiri imapirira 1A, zomwe pa 12V ndi 12W, ngakhale kuti masoketi ena a pampu amapirira zoposa pamenepo, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa m'buku la motherboard. Kuseri kwa fani iliyonse kuli kapepala kosonyeza magetsi amene imakoka. Mwachitsanzo, Noctua NF-A12x25 imalembedwa 0.14A, pamene mafani ena otchipa kapena othamanga kwambiri amakoka kuwirikiza kawiri kapena katatu. Muphatikize manambalawo ndipo musiye mpata wabwino, chifukwa fani imakoka magetsi ochuluka pa nthawi imene ikuyamba kuzungulira. Ine sindipitirira mafani atatu pa soketi imodzi. Amene ali ndi mafani ambiri agule hub yotenga magetsi pa SATA, imene imangotenga lamulo la PWM pa motherboard n'kuligawira mafani onse. Mukayang'ana waya wogawa muona kuti nthambi imodzi yokha ndiyo ili ndi mapini onse anayi ndipo zinazo zilibe pini yachitatu. Waya wotere ndi wabwinobwino, ndipo anaupanga choncho dala kuti fani imodzi yokha izinena liwiro, popeza zizindikiro za mafani awiri zikasakanikirana motherboard imawerenga manambala osamveka. Zotsatira zake n'zakuti fani ya pa nthambi yopanda piniyo ikafa, pulogalamu siidzakuuzani, ndipo muyenera kumasuzumira ndi maso nthawi ndi nthawi.

Za nyali zokongoletsa ndinena mwachidule, chifukwa zanga ndinazizimitsa. Mawaya a nyali ndi osiyana ndi a injini ya fani, ndipo ali mitundu iwiri: wa 12V wa mapini anayi, ndi wa 5V wa mapini atatu okhala ndi mpata pakati, umene umatchedwa ARGB. Nyali za 5V zikalowetsedwa pa soketi ya 12V zimapsa nthawi yomweyo.

Rediyeta ndinaiika pamwamba pa bokosi, mafani ake akutulutsa mpweya kunja. M'choziziritsira chotsekeratu mumakhala kampweya pang'ono kuyambira kufakitale, ndipo kamawonjezeka m'kupita kwa zaka chifukwa madzi amatuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi kudzera m'mapaipi. Mpweyawo umakwera n'kukakhala pamalo okwera kwambiri, ndipo malowo akakhala pampu, imayamba kulira, kuziziritsa kumachepa, ndiponso imatha msanga. Rediyeta ikakhala pamwamba nkhawa imeneyi palibe. Amene akuiika kutsogolo aonetsetse kuti nsonga yake ya pamwamba yaposa msinkhu wa pampu, ndipo ngati mapaipi akufika, ayang'anitse mbali ya mapaipi pansi. Kuika kutsogolo kuli ndi ubwino wakuti rediyeta imapuma mpweya wozizira wa kunja, koma mpweya umene wadutsa pa iyo umakafika pa graphics card uli wofunda kale, ndipo pa ntchito yanga graphics card imatulutsa kutentha kochuluka kuposa pulosesa. Musanamange pampu pa pulosesa, yang'anani pansi pa chitsulo cha kopa ngati pali kapulasitiki koteteza, chifukwa kamaoneka ngati palibe ndipo kakatsalira kompyuta imatentha mpaka kuzima.

Kuti mudziwe kumene fani ikukankhira mpweya, yang'anani timivi tiwiri m'mbali mwa chimango chake, kamodzi kosonyeza kumene mapiko amazungulira ndi kena kosonyeza kumene mpweya umapita. Pakakhala palibe timivi, mpweya pa mafani wamba umatulukira mbali imene kuli timitanda togwira injini. Ine ndimatsimikizira ndi kachidutswa ka tishu, kamene kamamatirira pa sefa ngati fani ikukoka.

Zonse zitalumikizidwa bwino panatsala vuto limene anthu ambiri amalipirira poganiza kuti ndi mmene makina amakhalira. Ndikangotsegula pulogalamu kapena tsamba la pa intaneti, kutentha kwa pulosesa kunkalumpha ndi madigiri khumi kapena kuposerapo kwa masekondi ochepa, mafani a pa rediyeta ankabangula, kenako ankatsika, ndipo izi zinkachitika tsiku lonse. Khutu limazolowera phokoso losasintha, koma losinthasintha limatopetsa. Kubangulako kunalibenso phindu, chifukwa mafani a pa rediyeta amaziziritsa madzi, ndipo madzi satentha m'masekondi awiri. Galamu imodzi ya madzi imafuna mphamvu yochuluka pafupifupi kanayi kuposa galamu imodzi ya mpweya kuti itenthe ndi digiri imodzi, motero zimatenga mphindi zingapo za ntchito yolemera kuti madzi a m'rediyeta afunde. Zoziziritsira zodula zili ndi kachipangizo koyeza kutentha kwa madzi, ndipo amene ali nako ayendetse mafani ake motsatira nambala imeneyo. Changa chilibe, choncho ndinachita ziwiri mu BIOS. Choyamba, ndinaika mafaniwo pa maperesenti 40 osasintha mpaka pulosesa ifike madigiri 65, kenako akwere pang'onopang'ono kufika maperesenti 70 pa madigiri 80, ndipo afike liwiro lonse pa madigiri 87. Chachiwiri, ndinatalikitsa nthawi imene fani imadikira isanasinthe liwiro, imene imalembedwa step up ndi step down, mpaka pamene motherboard yanga imalola. Tsamba lochitira zimenezi limatchedwa Q-Fan Control kwa ASUS, Smart Fan kwa Gigabyte, Hardware Monitor kwa MSI ndi FAN-Tastic Tuning kwa ASRock. Manambala angawa ndi a chipinda changa ndi makutu anga, ndipo inu muwayese ndi ntchito yanu yeniyeni mukuyang'ana kutentha pa pulogalamu ya HWiNFO.

Mafani a bokosi anali ndi vuto la mtundu wina. BIOS siona kutentha kwa graphics card, choncho imawayendetsa motsatira pulosesa kapena kachoyezera ka pa motherboard. Ndikamakonza mitundu ya zithunzi mu pulogalamu yokonzera mavidiyo ya DaVinci Resolve, graphics card imagwira ntchito yolemera pamene pulosesa ili pakatikati, ndipo mafani akutsogolo ankayenda mwaulesi nthawi imene ankafunika kwambiri. Ndikagwira galasi la m'mbali ndinkamva kutentha m'chikhatho. Chinandithandiza ndi pulogalamu yaulere ya pa Windows yotchedwa Fan Control, yolembedwa ndi Rémi Mercier, imene imawerenga zoyezera zonse za m'kompyuta ndipo imalola kuphatikiza ziwiri kuti fani izitsatira chimene chatentha kwambiri. Tsopano mafani akutsogolo ndi yakumbuyo amamvera pulosesa kapena graphics card, malinga ndi chimene chili pa ntchito. Ogwiritsa ntchito Linux ali ndi lm-sensors ndi fancontrol. Ngakhale zili choncho, zimene ndinaika mu BIOS ndinazisiya zili zotetezeka pazokha, chifukwa pulogalamu imayamba kugwira ntchito Windows ikatseguka ndipo ikhoza kuleka kugwira pambuyo pa update, ndipo pampu sindinailole kuti ilamulidwe ndi pulogalamu iliyonse.

Malangizo ambiri a pa intaneti amalembedwa ndi anthu okhala m'zipinda za madigiri 21 kapena 22, ndipo tiyenera kuwawerenga tikukumbukira kwathu. Choziziritsira cha madzi sichingatsitse pulosesa kuposa kutentha kwa mpweya wa m'chipinda, ndipo digiri iliyonse yowonjezera m'chipinda imaonekera pafupifupi yonse pa pulosesa. Mu October ndi November, mvula isanagwe, chipinda changa chofolera ndi malata chimapitirira madigiri 30 masana, ndipo anzathu a ku Chikwawa ndi Nsanje amaona masiku opitirira madigiri 40. Manambala amene ndinayesa mu June, nthawi yozizira, ndinafunika kuwakweza pang'ono chilimwe chitafika, ndipo ndikulangiza kuti muyese makina anu masana a mwezi wotentha musanakhutire nawo.

Fumbi ndi mdani wina wa nyengo yomweyo. Ndinakonza kuti mafani atatu akutsogolo, amene ali kuseri kwa sefa, azilowetsa mpweya wochulukirapo kuposa umene a pamwamba ndi yakumbuyo akutulutsa, kuti wotsalawo uzitulukira m'ming'alu ya bokosi m'malo moti ming'aluyo izikoka fumbi losasefedwa. Kuchita zimenezi sikufuna kugula chilichonse, koma kungoika liwiro la mafani akutsogolo pamwamba pang'ono. Sefa ndimaitsuka ikayamba kufiira, ndipo rediyeta ndimaiuzira ndi blower kompyuta itazimitsidwa pakhoma, nditagwira mapiko a mafani ndi chala kuti asazungulire mopitirira muyezo. Timizere ta rediyeta n'tothithikana kwambiri, ndipo fumbi limaunjikana ngati kansalu kopyapyala pakati pa fani ndi rediyeta pamene diso silifika, motero kamodzi pachaka ndimamasula mafaniwo kuti ndione. Kompyuta ndinaichotsanso pansi n'kuiika pa kabenchi.

Kuzimazima kwa magetsi kuli ndi mbali yake pa nkhaniyi. Zimene mwasankha mu BIOS zimasungidwa mothandizidwa ndi kabatire kozungulira ka CR2032 pamene magetsi a pakhoma palibe, ndipo kompyuta imene imakhala maola ambiri yopanda magetsi imadalira kabatireko kwambiri. Kakafooka, kapena mukaika BIOS yatsopano, zonse zikhoza kubwerera mmene zinalili kufakitale, kuphatikizapo DC ndi PWM ya soketi iliyonse. Ndinasunga zosankha zanga monga profile pa fulashi ndipo ndinajambulanso masamba ake ndi foni, chifukwa profile ya BIOS yakale nthawi zina imakanidwa ndi yatsopano. Mukaona kuti wotchi ya kompyuta yasokonekera magetsi atabwera, yang'ananinso mafani anu tsiku lomwelo.

Pampu ikafa sipakhala chooneka ndi maso, chifukwa mafani a pa rediyeta amapitiriza kuzungulira ngati zonse zili bwino. Zizindikiro zake n'zakuti pulosesa imafika pa malire ake mphindi zochepa mutangoyatsa ngakhale isakugwira ntchito, liwiro la pampu limaonetsa ziro, ndipo rediyeta imakhala yozizira pamene mapaipi atentha pafupi ndi pulosesa pokha. Pulosesa imadziteteza pochepetsa liwiro kenako n'kuzima, choncho kawirikawiri siwonongeka, koma ntchito imaima pomwepo. N'chifukwa chake ndinayatsa chenjezo la liwiro lotsika pa soketi ya pampu, ndipo n'chifukwa chakenso anzanga akandifunsa sindifulumira kuwalimbikitsa kugula choziziritsira cha madzi. Pa pulosesa ya pakatikati, choziziritsira cha mpweya chachikulu bwino chimakwanira, chili ndi waya mmodzi kapena awiri, ndipo chimene chingafe pa icho ndi fani imene mungaipeze m'tauni tsiku lomwelo, pamene AIO yogulidwa kunja ikafa, kuibweza kwa ogulitsa kumatenga milungu ndi ndalama zotumizira. Ine ndinasankha madzi chifukwa ndimatulutsa mavidiyo aatali maola otsatizana ndipo ndimafuna bata pomvetsera mawu, koma ndinagulanso choziziritsira cha mpweya chotchipa n'kuchisunga m'kabati pamodzi ndi kachubu ka thermal paste (phala lopaka pakati pa pulosesa ndi choziziritsira), kuti vidiyo ya ukwati wa anthu isachedwe chifukwa cha pampu. Ngati motherboard yanu ili ndi soketi ya pulosesa ya AMD yotchedwa AM4 ngati yanga, musataye timapulasitiki tiwiri ndi masikuluu amene mwachotsa m'mbali mwa soketi ya pulosesa poika AIO, chifukwa zoziziritsira zambiri za mpweya zimakolowekedwa pa timeneto kapena zimamangidwa pa chitsulo cha kuseri chimene chinabwera ndi motherboard.